Kusankha pikiapu ya dizilo yogwirapo kale ntchito: zaka kapena makilomita?

6 Meyi 2024: ntchito yake ndi ndalama zake

Galimoto ikufunikayi ndi yotuta mpunga ku Lifuwu ndi ku Bua, kukatula kuchigayo pa Kamuzu Road, kenako kukwera nawo ku Lilongwe pa msewu wa M14. Mpunga ukatha idzalowa ku usipa wouma wa ku Senga Bay ndi ku Chia. Ndiye kuti iziyenda pamchenga, m'matope a kudambo, m'maenje a M5 pakati pa Kaphatenga ndi Benga, komanso izikwera zitunda za ku Chezi itasenza pafupifupi tani imodzi. Ikhale ya 4x4, ya magiya apamanja, ndipo ngati n'kotheka single cab chifukwa bodi yake ndi yaitali.

Ndalama zonse ndi K31 miliyoni. Zagawidwa pawiri tisanaone galimoto iliyonse: K26 miliyoni yogulira, K5 miliyoni yokonzera, mapepala ndi inshuwalansi. Wothera ndalama zonse pa mtengo wogulira amayamba ndi kuimika galimoto pabwalo kudikira ya matayala. Mitengo yonse m'zolembazi ndi ya miyezi imeneyi ya 2024 yokha. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, masipeya sakhala pa mtengo umodzi.

Muyezo woyambira ndi wosavuta: makilomita a pa mita tiwagawe ndi zaka za galimoto. Pa pikiapu yogwira ntchito tikuyembekezera 15,000 mpaka 25,000 pa chaka. Ikachepera kwambiri pamenepa, mwina inangokhala, mwina mita inabwezedwa. Ikaposa kwambiri, tifunse kuti inkayenda misewu yanji ndipo inkanyamula chiyani.

11 Meyi: ya 2007, makilomita 118,000, ku Nkhotakota

Toyota Hilux double cab, injini ya 3.0 D-4D yomwe amaitcha 1KD, akufuna K24 miliyoni. Zaka 17, ndiye kuti makilomita 7,000 okha pa chaka. Mita siinama ayi. Labala wa pa mapedulo ndi woyambirira ndipo sanathe, mpando wa dalaivala sunaphwe, chiwongolero sichinasalale. Eni ake akuti yakhala pansi pa mtengo wa mango zaka zitatu, imangolizidwa mwa apo ndi apo.

Kungoiona kunja munthu atha kupereka ndalama pompo. Titaikweza pa jeke ndi kulowa pansi ndi tochi, nkhani inasintha.

Matayala ali ndi mapanga akuya bwino, koma m'mbali mwake muli ming'alu yaing'onoing'ono. Pa tayala lililonse pamakhala manambala anayi kumapeto kwa zilembo zoyamba ndi DOT: awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka chomwe linapangidwa. Apa palembedwa 2915, kutanthauza sabata ya 29 m'chaka cha 2015. Tayala la zaka 9 lisasenze matumba pa phula la ku Salima mu Okutobala.

Timing belt sinasinthidwepo chichokereni kufakitale. Pa injini za 1KD ndi 2KD lambayu amasinthidwa pa makilomita 150,000, ndipo pa dashibodi pamayaka nyali yolembedwa T-BELT kukumbutsa. Galimotoyi siinafike pamenepo, nyali siinayake, ndiye palibe anaganizako. Koma lamba ndi wa labala, amauma ndi zaka ngakhale injini isakuzungulira, ndipo akaduka mavavu amagundana ndi mapisitoni. Amakaniko anakana kuti tiithamangitse kwambiri poyesa, ndipo sitinawatsutse.

Mapaipi a madzi ndi olimba gwa, ukawafinya akuchita phokoso mkati. Pakati pa injini ndi giyabokosi pakudontha oyilo, kusonyeza kuti oil seal ya kumbuyo kwa crankshaft inauma. Chinthu chotchipa, koma kuti uchifikire giyabokosi itsike. Buleki ya kutsogolo kumanzere ikugwira yokha, tayala silizungulira ndi dzanja. Makoswe anamanga chisa pamwamba pa giyabokosi n'kudya nthambo ziwiri. Titatsanulira dizilo wa mu fyuluta m'botolo loyera, pansi panakhala madzi ndi zinyalala zakuda: thanki yokhala nthawi yaitali yosadzaza imachita thukuta mkati, makamaka kuno kunyanja kumene mpweya ndi wachinyezi.

Chomwe chinatiimitsa kwambiri chili pansi pa chivundikiro cha pamwamba pa injini. Pa injini zimenezi injekita iliyonse imakhala pa washala. Washalayo akatha, mpweya wa moto umathawira m'mwamba, n'kupsereza oyilo kukhala zibuma zakuda, ndipo zibumazo zimatsikira mu sampu kukatseka kasefa komwe pampu imakokerapo oyilo. Injini imayamba kusowa oyilo mwini wake osadziwa. Titachotsa chivundikirocho, m'mbali mwa injekita yachiwiri munali phala lakuda louma. Palibe angatiuze kuti yayenda choncho kwa nthawi yaitali bwanji.

16 Meyi: ziwiri za ku Lilongwe

Yoyamba ndi Hilux ya 2012 yochokera ku UK, mita ikuwerenga 96,000, mtengo K29 miliyoni. Dobadoba ankangobwereza kuti "siinakwane handiredi, bwana". Manambalawo ndi mamailosi. Mailo imodzi ndi makilomita 1.6, ndiye yayenda pafupifupi 154,000, ndipo nthawi ya timing belt inakwana kale. Galimoto za ku UK zili ndi ubwino umodzi: ukadziwa nambala yake yakale ya kumeneko, mbiri ya MOT, kuyezedwa kwa galimoto kwa chaka ndi chaka kumeneko, imapezeka pa intaneti, ndipo imaonetsa mamailosi a chaka ndi chaka. Iyi mbiri yake inagwirizana ndi mita.

Vuto lili pansi. Kumeneko amathira mchere m'misewu nthawi yachisanu, ndipo mcherewo umadya chitsulo kuyambira mkati. Chasisi chinapakidwa penti wakuda watsopano. Titagogoda ndi hamala yaing'ono pafupi ndi pomwe sipulingi ya kumbuyo imamangidwa, kulira kwake kunali kogontha, ndipo sikuludiraiva inalowa. Chasisi chobooka pamalo onyamula katundu sitikambirana nacho mtengo. Inalinso ndi DPF, chosefera mwaye mu ekizozi, chomwe chimatseka msanga galimoto ikamayenda timaulendo tatifupi pang'onopang'ono ngati ta kudambo.

Yachiwiri, Isuzu KB ya 2014, mita 132,000, sitinaitaire nthawi. M'mbali mwa chitseko cha dalaivala munatsalira sitika ya sevisi yonena kuti oyilo adzasinthidwe pa 214,000. Pedulo ya kilatchi inatha mpaka kuonetsa chitsulo. Injini yake ndi yabwino, ya tcheni osati lamba, koma wogulitsa wanama pa mita sangakuuze zoona pa zina.

Chinanso cha kwa madobadoba: mukauzidwa kuti Hilux ya 2010 kapena 2012 ndi "ya ku Japan", funsani bwino. Toyota inasiya kugulitsa pikiapu ya Hilux m'dziko la Japan mu 2004 n'kudzayambiranso mu 2017. Za zaka zapakatizi zambiri zomwe timaona kuno zinapangidwa ku Durban kapena ku Thailand.

22 Meyi: ya 2013, makilomita 271,000

Hilux single cab 4x4, injini ya 2.5 D-4D, 2KD. Inali ya bungwe lina lomwe likuchepetsa magalimoto, akufuna K26.5 miliyoni. Zaka 11, pafupifupi makilomita 24,600 pa chaka. Penti wapamwamba anapsa ndi dzuwa, mpando unang'ambika, bodi ili ndi mabala. Koma ili ndi buku la sevisi ndi logbook ya madalaivala, ndipo maulendo ambiri olembedwamo ndi a phula: Lilongwe, Kasungu, Mzuzu. Timing belt inasinthidwa pa 149,600 mu 2018, ndipo sitika ya pa injini ikugwirizana ndi bukulo.

Tinapempha kuti isalizidwe mpaka tifike m'mawa. Dzanja pa injini kaye kutsimikiza kuti ndi yozizira, chifukwa injini yotopa imabisala ikatenthedwa. Inalira pa kiyi woyamba, kautsi kotuwa pang'ono kwa masekondi ochepa, kenako ekizozi mbee. Utsi woyera wosatha ukanatanthauza dizilo wosapsa bwino kapena madzi olowa mu silinda. Wabuluu ndi oyilo, wa ku turbo kapena maring'i. Wakuda kwambiri ndi mafuta ochuluka kuposa mpweya.

Injini ikulira, tinamasula chitsekero cha pothirira oyilo n'kungochikhazika pamwamba osamanga. Chinangonjenjemera, osadumpha, ndipo mpweya wotuluka unali wochepa. Mu radiyeta munalibe thovu ngakhale popondako moto. Titachotsa paipi yolowera ku turbo, shafiti yake inkagwedera pang'ono m'mbali monga zimakhalira, koma osati kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo mapiko ake sanakhudze khoma.

Zinthu ziwiri tinalipira, K60,000 zonse pamodzi, ndipo pa ulendo wonsewu palibe ndalama inagwira ntchito kuposa imeneyi. Choyamba ndi kuyeza compression, mphamvu yomwe silinda iliyonse imapanikizira mpweya. Pa injini iyi buku limafuna 25 bar kapena kuposa, osatsika pa 20, ndipo masilinda asasiyane kuposa 5. Tinapeza 26, 25, 24 ndi 26. Chachiwiri ndi kulumikiza kompyuta yoyezera kuti tione momwe injini ikuwongolera mafuta a injekita iliyonse ikatentha. Manambalawo asapitirire 3.0 mbali ya kuwonjezera kapena ya kuchotsa. Zitatu zinali pansi pa 1.5, yachitatu inali pa +2.4. Ikadali mkati, koma ndi yomwe idzayambe kuvuta. M'mbali mwa mainjekita munali mouma, ndipo buku likuonetsa kuti mawashala anasinthidwa pa 200,000.

Pa msewu ndi pomwe makilomita anaonekera. Mu giya 4 pa liwiro la 40, kuponda moto mpaka pansi, injini inakwera mawu koma galimoto osawonjezera liwiro: kilatchi ikuterera. Kutsogolo kukugogoda pa mabampu, ball joint yapansi kumanja ndi ma tie rod end atha. Mashoka onse anayi afa, galimoto ikungovina ikadutsa dzenje. Giyabokosi ndi madifu zili chete ngakhale pa 80 ndi 100. H4 ndi L4, zomwe ndi magiya a 4x4, tinaziyesa pa msewu wafumbi, osati pa phula, ndipo zikulowa ndi kutuluka bwinobwino. Chasisi chili ndi fumbi lofiira lokha. Hamala ikulira mokoma paliponse.

24 Meyi: kuwerengera

Ya 2007 ikufuna matayala anayi, timing belt, radiyeta ndi mapaipi, mabuleki, oil seal, kutsuka thanki, nthambo, batire, mawashala a mainjekita ndi kutsitsa sampu. Amakaniko awerengera K3.8 miliyoni. Ya 2013 ikufuna kilatchi, zakutsogolo, mashoka, timing belt, matayala awiri ndi sevisi, pafupifupi K3 miliyoni, osawerengera mainjekita omwe akubwera m'tsogolo, ndipo amenewo ndi ndalama zoposa K600,000 iliyonse.

Pa pepala zikufanana. Kusiyana kwake n'kwakuti zomwe makilomita anadya zinayezeka: kilatchi yaterera pamaso pathu, ball joint yagwedera m'manja, injekita yaonetsa nambala yake. Zomwe zaka zinadya zimatuluka chimodzichimodzi galimoto ikayamba kugwira ntchito, lero paipi, mawa oil seal ina, mkuja pampu ya chiwongolero, ndipo zimakonda kutulukira pa msewu katundu ali pamwamba. Pamwamba pa zimenezo pali funso la oyilo lija, loti sitingaliyankhe popanda kumasula injini. Makilomita 271,000 a phula, oyilo akusinthidwa pa nthawi yake, sapweteka injini kwambiri ngati 118,000 a timaulendo ta pa boma injini isanatenthe n'komwe.

Izi sizikutanthauza kuti mita yokwera ndi yabwino. Ikanakhala yopanda buku, kapena ikanakhala ya matola ndi mchenga, manambala omwewa tikanawathawa.

Tasankha ya 2013, ndipo tagwirizana ndi eni ake K24.8 miliyoni titawaonetsa mndandanda wa zokonza.

3 Juni: mapepala

Apa ntchito inaima kaye. Magalimoto ambiri a mabungwe amalowa m'dziko osalipira msonkho, ndipo akamagulitsidwa kwa munthu wamba nkhani ya msonkhoyo imayenera kutha kaye ku MRA. Ogulitsa anali asanachite zimenezi. Tinapereka K2 miliyoni yokha ya chikole, polemberana kuti yotsalayo idzaperekedwa kalata ya MRA ikatuluka ndipo msonkhowo alipira ndi iwo. Kalata yatuluka lero.

Nambala ya chasisi, ya zilembo ndi manambala 17, taiwerenga pa chitsulo penipeni n'kuifananiza ndi blue book, chimodzimodzinso ya injini. Kusintha umwini ku Road Traffic, COF ndi inshuwalansi ya third party zatenga K310,000 pamodzi ndi zoyeza zija.

12 Juni: kukonza koyamba

Masipeya agulidwa ku Lilongwe, ntchito yagwiridwa pa galaja ya kuno ku Salima. Kilatchi yonse, puleti, pressure plate ndi release bearing, K720,000. Flywheel inapezeka ndi mabala a kupsa, ndiye inapita kokapala, K60,000. Kuika kilatchi yatsopano pa flywheel yotero imanjenjemera ponyamuka. Ma ball joint, ma tie rod end ndi mabushi, K510,000. Mashoka anayi, K480,000. Matayala awiri a 205R16C, K480,000, aikidwa kumbuyo konyamula katundu.

Timing belt inali ndi makilomita 29,000 otsala, koma yakhalamo zaka 6, ndiye yasinthidwa pamodzi ndi tensioner, idler ndi pampu ya madzi popeza kutsogolo kunali kotsegula kale, K470,000. Kauntala ya nyali ya T-BELT yabwezedwa kuti iyambirenso kuwerenga, ndipo makilomita alembedwa ndi penti pa chivundikiro. Oyilo wa injini 15W-40 pafupifupi malita 7, wa giyabokosi, transfer ndi madifu onse awiri, mafuta a mabuleki, ndi mafyuluta a oyilo, dizilo ndi mpweya, K230,000. Amakaniko ndi alayimenti, K200,000. Zonse K3,150,000.

Bawuti imodzi ya giyabokosi inaduka pomasula ndipo inachedwetsa ntchito mpaka atabwera wowotcherera. Oyilo wa difu ya kutsogolo anatuluka wotuwa ngati tiyi wamkaka, kusonyeza kuti galimotoyi inawolokapo madzi. Munalibe tizitsulo, ndiye tangotsuka ndi kuthira watsopano. Tidzaonanso pakatha makilomita 1,000.

19 Juni: kuwira pa Chezi

Ulendo woyamba ndi katundu, matumba 18 a 50 kg. Kuchokera ku Salima, komwe kuli pafupifupi mamita 500 kuchokera pa nyanja yamchere, msewu umakwera kufika ku Lilongwe komwe ndi kopitirira 1,000, ndipo kukwera kwambiri kuli m'zitunda za Dowa. Singano ya geji inali pakati mpaka poyamba zitunda, kenako inayamba kukwawira ku chofiira. Dalaivala anapatuka, n'kuisiya ikulira yokha, hita atatsegula mpaka kumapeto, ndipo singano inatsika. Chitsekero cha radiyeta sanachikhudze mpaka injini itazizira. Madzi sanachepe.

Poyesa tsiku logula galimoto inali yopanda katundu pa msewu wosakwera, n'chifukwa chake izi sizinaoneke. Chifukwa chinapezeka pawiri. Fani ya injiniyi imazungulira kudzera mu viscous coupling, kachitini kokhala ndi mafuta a silikoni komwe kamagwira injini ikatentha. Injini yotentha ikazimitsidwa, fani iyenera kulimba poikankha ndi dzanja. Iyi inazungulira yokha kangapo, ndipo kutsogolo kwa kachitiniko kunali fumbi lomatirira pa mafuta omwe anathawa pang'onopang'ono. Chachiwiri, pakati pa radiyeta ndi condenser ya AC panali njere za udzu ndi matope ouma zophimba pafupifupi gawo limodzi mwa atatu, zosaoneka popanda kumasula. Radiyeta itachotsedwa, thanki yake yapamwamba ya pulasitiki inali itasanduka yofiirira, ndipo khosi lake linathetheka pochotsa paipi.

Zonsezi ndi za zaka, osati za makilomita. Galimoto ya zaka 11 nayonso ndi yakale, ndipo pa ina iliyonse yopitirira zaka 10 yodzagwira ntchito kuno kotentha, radiyeta ndi fani zilowe mu bajeti tsiku logula.

Coupling K260,000, radiyeta K430,000, thermostat, chitsekero ndi mapaipi awiri aakulu K140,000, coolant K70,000, amakaniko K60,000. Zonse K960,000. Tayezanso ngati mpweya wa mu silinda ukulowa m'madzi. Palibe, hedi ndi gasiketi yake zapulumuka. Thermostat musaichotse monga ena amalangizira. Popanda iyo injini imachedwa kutentha m'mawa, imadya mafuta ambiri, ndipo vuto lenileni limangobisika.

2 Julaye: kumbuyo

Pobwera ku Bua, tsamba lachiwiri la sipulingi ya kumanzere linathyoka m'maenje a M5. Pothyokapo theka linali ndi dzimbiri, ndiye mng'alu unali wakale. Posintha tinapeza mkati mwa dilamu ya buleki mbali yomweyo muli oyilo wa difu. Oil seal ya axle ikudontha, koma gwero lake ndi kapumiro ka pamwamba pa difu komwe kanatsekeka ndi matope: difu ikatentha mpweya umasowa potulukira n'kukankha oyilo kudutsa pa seal. Kusintha seal osatsegula kapumiroko, mwezi umodzi idonthanso. Takatsuka n'kulumikizapo paipi yaitali yokwera mpaka pansi pa bodi, kuti madzi a kudambo asamalowerepo.

Ma brake shoe onyowa ndi oyilo satsukidwa, asinthidwa mbali zonse ziwiri. Tsamba la sipulingi, centre bolt, ma U-bolt, seal, ma shoe ndi ntchito, K380,000. Pa M5 katundu watsitsidwa kufika matumba 16.

20 Julaye: dizilo ndi pomwe zafika

Nyali ya fyuluta ya dizilo inayaka patangopita tsiku chithirireni malita 20 a m'chigubu ogulidwa kumudzi. Pansi pa fyuluta pali kampopi kotulutsira madzi, pamwamba pali pampu yopopa ndi dzanja. Madzi otuluka anakwana theka la kapu. Fyuluta yasinthidwa, K70,000. Pa injini ya common rail ngati iyi, madzi ndi amene amapha mainjekita ndi pampu mofulumira kuposa makilomita, ndiye kuyambira pano thanki izidzazidwa pa filling station ku Salima kapena ku Nkhotakota ulendo usanayambe, ndipo fyuluta yapadera izikhala kuseri kwa mpando.

Mita ili pa 274,900. Ndi katundu ikuyenda makilomita pafupifupi 10 pa lita, ndiye ulendo wa ku Lilongwe kupita ndi kubwera ukudya malita 20, pafupifupi K55,000 pa mtengo wa mu Julaye 2024 wa K2,734 pa lita. Geji sikusunthanso pa Chezi. Oyilo wa injini sanatsike pa dipstick, wa difu ya kutsogolo akadali woyera. Injekita yachitatu yakwera kufika +2.6.

Zonse zatenga K29,670,000, kwatsala K1,330,000. Oyilo adzasinthidwa pa 276,000 ndipo kuyambira pamenepo pa makilomita 5,000 aliwonse chifukwa cha fumbi ndi katundu. Mainjekita adzayezedwanso pa sevisi iliyonse. Yachitatu ikafika 3.0, kapena injini ikayamba kugogoda m'mawa, onse anayi apita kokayezedwa pa benchi ndipo obwererawo adzaikidwa ndi mawashala atsopano, manambala awo n'kulowetsedwa mu kompyuta ya galimoto. Matayala awiri akutsogolo ndi a 2020, asinthidwa mvula isanayambe.